Kukumbukira Mnzathu Wapolisi Amene Manda Ake Ali Kutali

Si kawirikawiri wapolisi kugwira ntchito kwawo. Ambiri mwa apolisi amene timakhala nawo kuno ku Chigwa cha Shire, kaya ndi pa Chikwawa, pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula kapena pa Nsanje, ndi anthu ochokera kumtunda, ndipo mmodzi wa iwo akamwalira galimoto imafika kulaini, kumene kuli nyumba za apolisi, bokosi limakwezedwa, amayi amaimba nyimbo ziwiri zitatu, kenaka thupi limawoloka mlatho wa Kamuzu n'kukwera zitunda za pa Thabwa ulendo wa kwawo. Ife amene tinkacheza naye tsiku ndi tsiku timatsala ndi chisoni chopanda manda oti tikaimepo. Zimenezi zinandigwera ine pamene mnzanga wina, sajeni amene anakhala pakati pathu zaka zambiri, anatisiya atangodwala masiku ochepa. Zomwe ndalemba panozi ndi zimene ine ndi anzanga tinaphunzira pofuna kumukumbukira moyenera, ndipo zina mwa izo tinaziphunzira titalakwitsa kaye.

Choyamba n'kudziwa kuti maliro ali ndi eni ake, ndipo bwenzi la malemu, ngakhale litakhala la ponda apa nane mpondepo, si mwini maliro. Musayambe kusonkhetsa ndalama, kusindikiza malaya kapena kulengeza tsiku musanakhale pansi ndi banja. Dikirani kuti mwambo wa kumeta udutse, kenaka fufuzani amene amayankhula m'banjamo, pakuti miyambo yathu si imodzi. Kwa Amang'anja ndi Achewa nkhani zotere zimadzera kwa mwini mbumba, amene nthawi zambiri amakhala malume a malemu kapena mkulu wake wa bere limodzi, pomwe kwa Asena, Atumbuka ndi ena amene amalowola, mawu ali ndi bambo ake kapena abale a kuchimuna. Mulimonsemo, woyamba kumufikira ndi mkazi wamasiye, chifukwa zabwino kapena zoipa za chimene mungachite zidzatsalira iyeyo inu mutabalalika. Ife tinapita atatu, tinakhala pamkeka, ndipo wamkulu mwa ife anati: "Alamu, ife anzawo a bambo kuno tili ndi maganizo oti tiwakumbukire, koma sitingasunthe phazi inu ndi akuluakulu a kumudzi musanatiuze choyenera." Mayiwo anatipempha kuti tiyambe taimbira apongozi awo, ndipo apongoziwo ndi amene anatiuza kuti mpingo wawo sulola mowa kapena magule pa chikumbutso. Ife n'kuti titapangana kale zoitana oimba valimba. Chipembedzo cha malemu chifufuzeni msanga, chifukwa Akatolika angafune Misa ndipo ali kale ndi tsiku la 2 Novembala lopempherera omwalira, Asilamu ambiri ali ndi sadaka ya masiku 40, pomwe mipingo ina imafuna mapemphero okha basi.

Mukamvana ndi banja, kaonaneni ndi mkulu wa polisi pamalo pamene malemu ankagwira ntchito. Anzake a kuntchito nawonso ali ndi chisoni ndipo mwina akonza kale zawo, choncho n'kwabwino kuti zanu ndi zawo zisawombane. Mkuluyo ndi amenenso angakuuzeni ngati n'kololedwa kuika chizindikiro cha polisi pa nsalu, pa malaya kapena pa chiliza. Yunifolomu, chipewa ndi lamba ndi katundu wa boma, si zoti mnzake atenge kuti azikumbukirirapo, ndiponso munthu wamba sayenera kuzivala ngakhale pa mwambo wa chikumbutso.

Tsopano ndifike pa mbali imene ambiri timaidumpha pothamangira mwambo, chikhalirecho ndiyo yolemera kuposa zonse. Nyumba ya kulaini ndi ya boma, ndipo wapolisi akamwalira banja lake limayenera kusamuka pakapita nthawi. Malipiro a mwezi ndi mwezi amaima, pomwe ndalama zimene boma limapereka kwa banja la wantchito wake womwalira zimafuna mapepala ndi maulendo. Mayi amene wangoika kumene mwamuna wake sakhala ndi mphamvu zoyendera zonsezi yekha, ndipo apa ndi pamene mnzake wa malemu amafunika kwambiri. Thandizani kusonkhanitsa chiphaso cha imfa, chimene chimachokera ku National Registration Bureau kudzera ku ofesi yawo ya paboma, chitupa cha unzika cha mayi, zikalata za kubadwa kwa ana, umboni wa ukwati ndi nambala ya ntchito ya malemu. Pepala lililonse lijambulitseni kangapo, lina likasungidwe kwa munthu wina wodalirika, ndipo zonsezo zikulungidwe m'pulasitiki n'kuikidwa pamwamba. Amene anaona madzi a mu Januwale 2015, namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti kuno mapepala a banja lonse amatha kupita usiku umodzi. Nkhani za chuma cha masiye zimayendetsedwa ndi ofesi ya bwanamkubwa ndi ya Administrator General, ndipo amene alibe ndalama zolipirira loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Musamuyankhulire mayiyo ngati iye alibe pakamwa, ndipo musasaine kanthu m'malo mwake. Mbali yanu ndi kumuperekeza, kumulipirira thiransipoti ngati mungathe, ndi kulemba m'kope tsiku limene mwapita, amene mwakumana naye ndi chimene wanena.

Khalaninso maso pa nkhani ya katundu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana ndi ena amene ankadalira malemu, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Zimachitika kuti galimoto imene yabwera kudzasamutsa banja imanyamula njinga yamoto, firiji ndi mipando kupita kwa abale, mayi ndi ana n'kutsala ndi mapoto. Simukuyenera kukangana ndi abale a mnzanu, koma mungathe kupempha mwaulemu kuti katundu yense alembedwe pamaso pa mbali zonse ziwiri ndi mboni asanakwezedwe, ndipo kalembera yekhayo amabweza manja ambiri. Ngati mayiyo ndi wa konkuno kapena abale akunena zoti achite mwambo wa kulowa kufa, umene ena amautcha kupita kufa, woti mayi wamasiye agone ndi mwamuna wina ati pofuna kumuyeretsa, dziwani kuti lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa miyambo yovulaza yotere. Nkhaniyi ifikitseni kwa anyakwawa kapena kwa atsogoleri a mpingo mwakachetechete. Munthu amene moyo wake wonse ankateteza amayi a eni sangakumbukiridwe bwino pamene mkazi wake yemwe akukakamizidwa zimene sakufuna anzake akungopenya.

Zimenezi zikayamba kuyenda, yambani ntchito yosonkhanitsa nkhani za malemu. Gulani kope lachikuto cholimba ndipo musankhe anthu awiri oti ayende nalo, mmodzi wodziwa bwino Chisena, pakuti agogo ambiri a kuno amamasuka m'chiyankhulo chimenecho, ndipo mawu awo alembedwe monga momwe awanenera. Musayambire kwa mabwana. Pitani kwa akabaza, kwa amayi ogulitsa nsomba ndi tomato pamsika, kwa alonda a m'masitolo, kwa aphunzitsi, ndiponso kwa anthu a m'makomiti a chitetezo cha m'mudzi, amene chiyambire ndondomeko imeneyi mu 1997 ndi amene amayenda ndi apolisi usiku ndipo amadziwa amene ali wolungama ndi amene amatambasula dzanja. Funso lakuti "Kodi anali munthu wotani?" silithandiza, chifukwa aliyense amangoyankha kuti anali wabwino. Funsani kuti: "Ndi tsiku liti limene simudzaliiwala, ndipo iwo anachita chiyani?"

Funso limeneli ndi limene linatipatsa nkhani zimene ngakhale ine, amene ndinkati ndimamudziwa, sindinazimvepo. Wakabaza wina anatifotokozera za tsiku la msika pamene mnyamata anagwidwa ndi mbuzi yosakhala yake, khamu litamuzungulira, tayala ndi botolo la petulo zitafika kale. Mnzangayo sanali pantchito, anali atavala malaya wamba ndipo m'manja munali jumbo ya nsomba. Anaika jumboyo pansi, anavula lamba wake n'kumangirira dzanja la mnyamatayo kumodzi ndi lake, kenaka anayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kupolisi akuitana anthu mayina awo mmodzimmodzi ndi kuwafunsa za kunyumba, mpaka manyazi anawagwira. Nsombazo, anatero wakabazayo, zinadyedwa ndi agalu. Gogo wina wochokera kutsidya la Shire, amene anakhala pa msasa wa anthu othawa madzi ku Bangula mu 2015, sanafotokoze zambiri. Anangoti pa mzere wolandirira ufa wapolisiyo ankatulutsa okalamba n'kuwapititsa kutsogolo, ndipo atatha kunena zimenezi anagwira kopelo ndi manja awiri nathokoza m'Chisena kuti, "Takhuta." Ambiri anakumbukira chinthu chimodzi chomwecho, chakuti ankauza aliyense mokweza kuti belo ya kupolisi ndi yaulere, ngakhale ena amene anali pafupi sankakondwa nazo.

Pa nkhani zimenezi pali msampha umene ife tinagwamo. Ntchito ya wapolisi ili ndi zinsinsi za anthu amoyo, ndipo ubwino wake nthawi zambiri unaonekera pa tsiku limene munthu wina anali pa manyazi aakulu. Pa kukumana kwathu koyamba mmodzi wa ife, ndi mtima wabwino ndithu, anafotokoza momwe malemu anathandizira mayi wina amene ankamenyedwa ndi mwamuna wake, natchula mudzi ndi ntchito ya mwamunayo. Sanatchule dzina, koma aliyense anadziwa, ndipo mwamunayo anali pomwepo chakumbuyo. Mayiyo sanabwerenso pa chilichonse chimene tinakonza. Choncho nkhani iliyonse isanawerengedwe pagulu kapena kuikidwa pa Facebook ndi WhatsApp, mwini wake avomere, ndipo nkhani za nkhanza za m'banja, za ana ndi za milandu imene ikadali kukhoti zisalowe n'komwe m'kope. Chimodzimodzinso zithunzi: cha thupi kapena cha bokosi lotsegula chisayende pa foni, ndipo chithunzi choti chigwiritsidwe ntchito asankhe ndi mayi.

Musamusandutse mngelo. Mnzangayo anali wa mtima wapachala pa nkhani ya kuchedwa, ndipo akayamba kukamba za mpira sankapereka mpata kwa wina. Ana ake atamva zimenezi zikuwerengedwa anaseka koyamba chimwalirire bambo awo, chifukwa anamuzindikira munthu amene ankamudziwa. Kumbukiraninso kuti wapolisi, ngakhale wokoma mtima chotani, anamangapo anthu, ndipo pali mabanja amene dzina lake siliwakomera. Musawakakamize kusonkha kapena kubwera, ndipo musakangane nawo. Ngati pali amene akuti malemu anali ndi ngongole yake, nkhaniyo ipite kwa banja mwamseri osati pa gulu la WhatsApp.

Za ndalama ndinena mwachidule, ngakhale ndi zimene zimaphwasula magulu ambiri. Musanalandire tambala ndi imodzi yomwe, gwirizanani kuti ndalamazo ndi za chiyani, ndipo zolinga zisapitirire ziwiri. Msungichuma asakhale wapampando, ndipo asakhalenso wa m'banja la malemu, kuti pakasowa kanthu mlandu usagwere anamfedwa. Ndalama zodzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba zipite pa nambala imodzi yokha, zapamanja zilembedwe pomwepo wopereka akuona, ndipo kumapeto kwa mwezi uliwonse gulu lonse limve zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Wopereka nkhuku, thumba la mapira kapena tsiku la ntchito alembedwe mofanana ndi wopereka ndalama.

Chiliza ndi cha banja, ndipo chimamangidwa kwawo kwa malemu pa nthawi imene eni ake asankha, nthawi zambiri pakadutsa chaka dothi litakhazikika. Mbali yanu ndi kuthandizapo matumba a simenti kapena malipiro a mmisiri ngati banja lavomera, osati kulamula kukula kwake. Ndalama yokwezera gulu lonse minibasi kupita ku Dedza kapena ku Mzimba ndi yambiri ndithu, ndipo ine ndimaona kuti n'kwanzeru kutuma anthu awiri kapena atatu, yotsalayo n'kugulira ana yunifolomu ya sukulu, makope ndi nsapato. Otumidwawo apemphe kuona mawu oti alembedwe pa mwala asanazokotedwe, chifukwa dzina kapena chaka chikalakwika pa chiliza, kukonza kwake n'kovuta.

Popeza manda ali kutali, ife otsala kuno timafuna malo athu oti tizikumbukirirapo, ndipo chinthu chimene ndingalimbikitse ndi mtengo. M'chigwa muno, momwe dzuwa la Okutobala ndi Novembala limaotcha mpaka mapazi, mthunzi ndi mphatso imene aliyense amaimvetsa. Pemphani malo kwa anyakwawa, kwa mphunzitsi wamkulu kapena kwa mkulu wa polisi, pamalo pamene anthu amadikirira nthawi yaitali, monga panja pa ofesi yothandiza ozunzidwa kapena pa siteji ya akabaza, ndipo pakhale pokwera pamene madzi osefukira safika. Nimu ndi wodalirika chifukwa amapirira kutentha, amakula msanga ndipo masamba ake sayoyoka onse m'chilimwe. Ife tinalakwitsa pofuna kuti tsiku lodzala ligwirizane ndi tsiku limene mnzathuyo anamwalira, lomwe linali mu Okutobala. Tinadzala mbande zisanu, tinajambulitsa, tinabalalika, ndipo pasanathe masabata atatu zitatu zinali zitapsa, ziwiri zotsalazo mbuzi zitakukuta mpaka pansi. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno ndi kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo kuno n'kwabwino kudzala mvula ikangokhazikika kuti mizu igwire chilimwe chisanafike. Kumbani dzenje lakuya bwino, thiranimo manyowa owolerana, tchingani ndi minga kapena njerwa zosanjikiza, ndipo musankhe munthu mmodzi, wotchulidwa dzina, woti azithirira. Ntchito ikangoti ndi ya tonse, mtengowo wafa.

Ena amakonda chikho cha mpira cha chikumbutso, ndipo n'zoona kuti chimasonkhanitsa achinyamata. Vuto lake n'lakuti chimafuna ndalama chaka ndi chaka, ndipo chikho chimene chaseweredwa kamodzi n'kuzimirira chimachititsa manyazi dzina limene chinkafuna kulemekeza. Ngati gulu lanu lilibe gwero lokhazikika la ndalama, kuli bwino kukonza mjigo umodzi wowonongeka kapena kukhoma benchi pansi pa mtengo uja.

Tsiku la mwambo weniweni liikeni mu Juni kapena Julayi, kunja kukuzizirako, misewu itauma ndipo anthu atagulitsako thonje ndi zokolola zina. Miyezi ya Januwale mpaka Malichi ipeweni, chifukwa msewu wa M1 womwe unadukapo m'boma la Chikwawa nthawi ya namondwe Ana, ndipo alendo ochokera kumtunda kapena kutsidya angalephere kufika. Yambani mmawa ndipo mumalize dzuwa lisanafike pamutu. Mwambo utsegulidwe ndi pemphero la chipembedzo cha malemu, anyakwawa alandire alendo, woimira banja ayankhule, woimira apolisi ayankhule, kenaka munthu mmodzi wa mawu omveka awerenge nkhani zitatu kapena zinayi za m'kope. Oyankhula auzidwe nthawi yawo dzulo lake, ndipo andale, ngakhale atathandiza ndi ndalama, asapatsidwe bwalo lochitira msonkhano wawo. Mayi wamasiye asakakamizidwe kuyankhula, ndipo ana asaimitsidwe kutsogolo kuti anthu aziwamvera chisoni. Chakudya chikhale chimene mungakwanitse popanda ngongole: thobwa, nsima ndi ndiwo za mbuzi imodzi n'zokwanira.

Kope lija lisatsale ndi gulu. Lijambulitseni kuti inu mukhale ndi lanu, ndipo lenilenilo muliike m'manja mwa mwana wamkulu pamaso pa mayi ake, pakuti ana aang'ono adzakula osakumbukira mawu a bambo awo ndipo adzafuna kudziwa chimene ankachita kuchigwa zaka zonsezo. Pa tsamba lomaliza lembani mayina ndi manambala a foni a anthu atatu amene banjalo lingaimbire popanda kuchita manyazi, ndipo anthu atatuwo agawane miyezi yoti aziimba okha osadikira kuimbiridwa, makamaka sabata yotsegulira sukulu. Kwa ife, ine ndinatenga Januwale, ndipo ulendo wapitawu amene anayankha foni anali mtsikana wachiwiri, amene anafuna kudziwa ngati nimu tinadzalanso uja wapitirira denga la siteji ya akabaza. Ndinamuuza kuti watsala pang'ono, ndipo anandipempha kuti ndimutumizire chithunzi wakabaza wina ataima pambali pake kuti aone yekha msinkhu wake.